Nthochi Yovala Jekete Langa

Anabwera Lolemba la Sabata Loyera, dzuwa litakwera pang'ono, ana ali pakati pa kuwerengera. Sukulu yathu inali ya udzu, kumpoto kwa Msumba, ndipo inalibe chitseko. Wapolisi wachikuda wa boma la atsamunda, amene masiku amenewo tinkamutcha sipayo, anafika pakhomo nasowa pogogoda. Anagogoda pa mzati ndi ndodo yake. Ulemu umenewo ndimaukumbukirabe.

"Pulufesolo, ashefi akukufunani ku positu," anatero. "Mafunso awiri atatu basi. Mubwera chakudya chamasana chisanazizire."

Ndinavala jekete langa la kaki, limene kwathu kuno timati kazako, n'kuuza ana kuti apitirize okha. Chakudya chamasana chija chinandidikira zaka zinayi.

Mayina sinditchula, ngakhale a ondimenya kapena a ondisunga. Ena mwa iwo ali ndi adzukulu amene amandipatsa moni pa tchalitchi, ndipo anawo sanandilakwire kanthu.

Pa benchi ya kumbuyo panali mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi ake anali atamwalira pobereka m'nyengo ya mvula yomweyo, khanda n'kutsagana nawo. Kuchokera tsiku la maliro mwanayu anasiya kulankhula. Ankadya, ankatunga madzi, ankamva akatumidwa, koma pakamwa panali potseka. Azakhali ake, mkulu wa malemu mkazi wanga, anayesa kumunyengerera ndi kumukalipira komwe. Apadiri anamupempherera. Ine, mphunzitsi wodzitama kuti ndikhoza kulankhulitsa ngakhale chitsa, ndinalephera m'nyumba mwanga momwe.

Chimene chinathandiza pang'ono ndinachitola pa gombe. Amuna akamakoka khoka, mmodzi amatsogola nyimbo, enawo n'kuvomera mawu awiri atatu, omwewomwewo, mpaka khoka litatuluka. Wovomera sasowa kuganiza. Ndinati mwina mwana amene akulemedwa ndi mawu ambiri angathe kunyamula awiri okha. Choncho ndinapeka nkhani ya kamtsikana kotchedwa Nsangalabwi, kamene amayi ake anapita osabwerera, ndipo ndinaiika m'ndakatulo zazifupi ngati za pa khoka. Ndinkanena tikupita kusukulu:

Mwera wabwera, wakankha chitseko,
wafunsa amayi, amayi kulibe.
Mphasa yawo aipinda pakona,
mtondo wawo wagona cham'mbali.
Nsangalabwi, uli kuti?

Ndikafika pamenepo ndinkakhala chete. Masabata angapo ankandiyankha ndi mafunde okha. Tsiku lina, chapakati pa Lenti, ndinamva kumbuyo kwanga timawu tosasa: "Ndili pompano." Sindinacheuke, kuopa kutithawitsa. Ndinayenda mpaka kusukulu misozi ikutsikira m'kolala.

Mawu ake onse anali amenewo. Tsiku lililonse ndinkawonjezera ndime imodzi, iye n'kuvomera. Pamene sipayo ankatuluka nane, ndinamuyang'ana mwanayo, iyenso anandiyang'ana. Nkhani inali itafika pamene Nsangalabwi wanyamuka kukafunafuna amayi ake m'mbali mwa nyanja, ndipo anali asanafike kulikonse.

Ku positu, ofesi ya boma ya dera lathu, anandifunsa za anyamata amene ndinawaphunzitsa kale, amene anali atawoloka nyanja kukalowa gulu lomenyera ufulu chaka chimene nkhondo inafika kwathu. Mayina awo ankawadziwa kale. Chimene ankafuna ndi eni mabwato amene anawapalasa. Shefi wachizungu, mkulu wa pa positupo, ankafunsa m'Chipwitikizi, womasulira n'kubwereza m'Chinyanja, ngakhale onse ankadziwa kuti ndikumva.

"Pulufesolo, lero ofunsa ndife," anatero womasulira uja. "Kuno belu lowerukira kulibe."

Opalasawo ndinkawadziwa. Pa gombe palibe amene sadziwa bwato limene lagona kunja. Ndinati sindikudziwa. Anatulutsa mbalamatodya, thabwa la mabowo lomenyera m'manja, limenenso tinali nalo m'masukulu, ngakhale ine langa ndinkatsekera zenera. Kufunsa kunapitirira Sabata Loyera lonse. Lachisanu Loyera anandipumitsa, poti shefi anali munthu wopemphera. Sindifotokoza zambiri. Supuni ndinayambanso kuigwira ndekha cha pa Pentekoste, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja mpaka lero sizipindika.

Sindinali wolimba mtima monga anthu ena amanenera akafuna kundisangalatsa. Ndinkangoganiza kuti aliyense wa opalasa aja ali ndi mwana pa benchi inayake ya m'kalasi mwanga.

M'mwezi wa Meyi anatikweza lole kupita kundende ya kumapiri. Chipinda chathu anamangira anthu ochepa, koma tinalimo ambiri moti kutembenuka tinkachita kupangana. Munali asodzi, aphunzitsi, namwino wamwamuna mmodzi, ndi nkhalamba ina, akatekisiti a ku Kobwe, amene anawagwira akuchokera kokabatiza. M'mawa uliwonse mlonda ankaitana manambala, aliyense n'kuyankha m'Chipwitikizi kuti "Pulezenti," kutanthauza kuti ndilipo.

Njala inalipo, nsabwe zinalipo, koma chimene chinkandidya ine chinali china. Mwana uja ankalankhula mawu awiri, ndipo ankawalankhula ndikamuitana ine. Tsopano adzamuitana ndani? Ndinkaona pakamwa paja pakutsekekanso, ulendo uno kosatha.

Ndiye ndinapitiriza kupeka, ngati kuti akundimva. Pepala kunalibe, ndipo likanakhalapo zala sizikanalola. Ndinkabwereza ndime mumtima mpaka itakhazikika, kenako n'kuinong'ona. Masana ena ndinafika pa "Nsangalabwi, uli kuti?" n'kukhala chete mwachizolowezi. Msodzi wina wa ku Meluluka, chimunthu cha mapewa ngati mtanda wa denga, anayankha ndi mawu ake a pa khoka: "Ndili pompano." Anthu anaseka, koyamba chilowereni m'chipindamo.

Kuyambira tsikulo sindinapumenso. Amuna a ndevu zawo, ena oti anakana kutsegula pakamwa pa mbalamatodya, ankakhala mwakachetechete kudikira kuti avomere m'malo mwa kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Ankanditsutsanso.

"Aphunzitsi, pamenepo mwanama," ankatero wa ku Meluluka uja. "Mwana sangawoloke mtsinje umenewo mwezi wa Malichi. Mumudikiritse madzi aphwe."

Ndinkamudikiritsa. Nsangalabwi anafunsa za amayi ake kwa mbalame ya nkhwazi, kwa wosema mabwato, kwa mayi wouma mbiya. Aliyense ankati sanawaone, koma ankamuphunzitsa kantchito kamodzi ndi kumupatsa pogona. Ine ntchito yanga inali kuitana basi. Kuvomera sindinavomerepo.

Mwera utayamba mu Juni, kumapiri kunazizira koopsa, ndipo ndinakumbukira kuti mwana wanga anali ndi kadiresi kamodzi. Nthawi yomweyo tinamva kuti msodzi wa ku Meluluka amutulutsa. Ndinavula jekete n'kumupatsa.

"Achimwene, mukapereke kwa alamu anga, azakhali a mwana wanga. Akadule, amusokere mwana chovala. Mukawauze kuti ndili moyo."

"Ndikafikitsa, aphunzitsi," anatero.

Anafikitsadi. Koma pa chipata anamuuza kuti akadzangotchula za kundende adzabwerera, ndipo panthawiyo makutu a boma anali m'mudzi uliwonse. Munthuyo anafika kwathu m'bandakucha, anapachika jekete pa mpanda wa alamu anga, n'kupita osadzutsa munthu. Sabata lomwelo anawolokera ku Likoma. Sindimuimba mlandu. Anayenda mtunda wautali kulambalala kwawo chifukwa cha kamwana kamene ankangokadziwa m'nyimbo.

Tonse awiri tinaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa kunyanja amachidziwa. Kwathu kuno nyanja ikabweza nkhafi, chipewa kapena malaya, mwini wake osaoneka, uthenga wake ndi umodzi. Anthu amadikira masiku ochepa, kenako amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'chovalacho, n'kuliika m'manda mwaulemu wonse, kuti amoyo athe kulira ndi kumeta. Alamu anga atatsegula chitseko n'kuona kazako ali lende pa mpanda, sanafunse munthu.

Ine ndinamva zimenezi patapita chaka, titasamutsidwira kundende ina kumwera, kutali, kufupi ndi nyanja ya mchere. Anabweretsa gulu latsopano, ndipo m'gulumo munali kalipentala wa kumishoni kwathu. Atandiona anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Aphunzitsi, inu si tinakuikani? Bokosi lanu ndinakhoma ndine."

"Munakhoma bwino?"

"La mbawa," anatero.

Anzanga anaseka, inenso ndinaseka. Kenako ndinafunsa za mwana.

"Analipo. Anaimirira pambali pa azakhali ake. Sanalire, sanalankhule. Atamupatsa dothi kuti aponye, anangolifumbata n'kupita nalo kunyumba."

Apa ndi pamene ndinagwa. Mbalamatodya inandithyola zala, koma izi zinandilowa pena. Ndinafuna kumufunditsa mwana wanga, m'malo mwake ndinamusandutsa wamasiye kawiri. Makalata sankaloledwa. Ndinasiya kupeka, ndinasiya kucheza, ndipo ndikanasiya kudya akanapanda kundiyang'anira. Advento yense anadutsa Nsangalabwi ali pamene ndinamusiya, pakati pa dambo, mvula ikubwera.

Amene anandidzutsa ndi akatekisiti okalamba aja. Anali atatupa miyendo, ndipo anachita kukwawa kudzakhala pafupi nane.

"Mwanangu, ife sitikupempha chifukwa cha iwe," anatero. "Mwana wamusiya pa dambo, ndipo tonse muno tili naye pamvulapo. Ena muno ana awo sadzawaonanso. Ali ndi ameneyu basi. Mufikitse pouma."

Ndinati mawu andithera.

"Ndiye itana chabe. Ovomera tilipo."

Ndinaitana. Anavomera onse, motsitsa, kuopa alonda. M'mawa mwake ndime inabwera yokha:

Mvula yagwa, yanyowetsa nkhuni,
Nsangalabwi wapeza khala limodzi.
Waliika pa phale, walifunda ndi manja,
akuti moto wamawa uli momwemu.
Nsangalabwi, uli kuti?

Akatekisitiwo sanafike pa Pasaka wachitatu. M'mawa wina nambala yawo inaitanidwa, osayankhidwa. Mlonda anaitananso, kenako anati, "Wina ayankhe, ine ndikufuna kuweruka." Palibe anayankha. Tinagona ndi njala tsiku limenelo, ndipo palibe anadandaula.

Panalinso mlonda wina, wa chilankhulo china cha kumwera, amene anatola Chinyanja pomvetsera pa chitseko chathu. Sanatichitire zazikulu. Akakhala pa ntchito iye, chidebe cha madzi chinkabwera chodzaza. Tsiku lina pondipatsa mbale anandifunsa chapansipansi, "Mwana uja, mama wake anamupeza?" Ndinati ayi, ndipo sadzawapeza. Anandiyang'ana mokwiya ngati ndamubera. Ndinamuuza kuti adzapeza anthu ena, ndipo adzakula. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Chabwino. Koma asafe."

Ananditulutsa m'mwezi wa Ogasiti, chaka chachinayi, osandiuza chifukwa, monganso sanandiweruze polowa. Mkulu wa alonda anati, "Pita. Akakakufunsa, unali pa ulendo." Ulendo weniweni unali umene unatsatira: sitima ya pamtunda, malole, kenako miyendo, kutsika mapiri mpaka nyanja inaonekera. Njira yonse ndinkabwereza ndime zanga kuti ndisataye ngakhale imodzi, ndipo njira yonse ndinkaopa. Sindinkadziwa ngati mwanayo ali moyo, ndipo ngati ali moyo, ngati m'kamwa mwake mwatsala mawu.

Ndinafika m'mudzi cham'mawa, dzuwa litawala bwino, nthawi imene palibe mzukwa wanzeru ungayende. Sizinathandize. Amayi amene ankayanika usipa pa thandala anandiona, mmodzi anaponya lichero, ndipo posakhalitsa gombe lonse linali mapazi okhaokha. Ndinali nditaonda, mutu uli mbuu, mano ena atatsala kumwera. Ndikanakhala iwo, inenso ndikanathawa.

Ndinaima pabwalo la alamu anga. Mwambo ndinkaudziwa: munthu amene analiridwa salowa m'nyumba, sagwiridwa chanza, mpaka wina wa pabanja amuwaze phulusa. Akakhala mzukwa amazimirira, akakhala munthu amayetsemula. Apadiri kunalibe, nawonso anali atatengedwa. Anthu anaunjikana chapatali, ena akudzilemba mtanda, ena akukankhana kuti apite patsogolo ndi wina. Alamu anga anatuluka ndi phulusa pa phale. Anayenda mapazi ochepa n'kuima.

"Alamu, ndinu?"

"Ndine, alamu."

"Nanga tinaika uja ndani?"

"Munaika nthochi. Munadula nokha."

"Zimenezo ndikudziwa," anatero, akulira, koma sanasunthe.

Kuseri kwa nkhokwe kunatuluka mtsikana wamtali, atabereka khanda la azakhali ake, manja ali oyera ndi chinangwa chovuula m'madzi. Nkhope inali ya amayi ake. Sanathawe, sanayandikire. Ndinali nditakonza ndime yabwino ya tsiku limeneli, ndinaikonza zaka, koma yonse inauluka. Ndinangoti, "Nsangalabwi, uli kuti?"

Sanayankhe. Ndinadikira monga ndinkadikirira panjira ya kusukulu, ndipo mtima unayamba kutsika. Ndinati basi, pakamwa paja panatsekeka, ndipo ndinatseka ndine.

Kenako anakweza khanda kumsana, n'kuyamba, ndi mawu omveka mpaka kwa anthu a kumpanda:

Anakumba dzenje, anaika nthochi,
anaiveka kazako wa ababa.
Nthochi siyenda, nthochi siimba,
nthochi sidziwa dzina langa.
Ababa, muli kuti?

Zaka zonse zija ndinali woitana. Ndinali ndisanadziwe kuti mawu awiri aja ndi olemera chotero. Ndinayesa koyamba, sanatuluke. Kachiwiri anatuluka osasa, ngati ake a tsiku lija la m'Lenti.

"Ndili pompano."

Anapita kwa azakhali ake, anatenga phale, anabwera mpaka pamene ndinaima, n'kundikhuthulira lonse pamutu. Mwambo umangofuna kadzanja kamodzi. Ndinayetsemula mpaka kukhala pansi, ndipo mudzi wonse unabwera kudzandigwira.

Madzulo a tsikulo alamu anga anandifotokozera. Atatha maliro a nthochi mwanayo anakhala chete mwezi wathunthu, dothi lija atalimanga pa kansalu. Tsiku lina anamumva kuseri kwa nyumba akutonthoza khanda limene alamuwo anali nalo panthawiyo ndi ndime zanga, kuitana yekha, kuvomera yekha. Zanga zitatha anayamba kupeka zake. Ana anzake anayamba kumutsatira pa gombe kuti azivomera.

"Anayamba ndi nyimbo zanuzo, ndiye sanasiyenso," anatero alamu. "Masiku ano timachita kumupempha kuti atipumitse makutu."

Ndinamufunsa mwanayo ngati ankadziwa kuti ndili moyo. Anati ayi, sankadziwa. Ankangoona kuti nkhani sinathe, ndipo wina anayenera kuipitiriza.

Tinakhala masabata tikuphatikiza. Nsangalabwi wanga anadutsa kumapiri ndi m'madambo, wake sanachoke pa gombe: ankatunga madzi, ankalera khanda, ankakwiya ndi amayi ake chifukwa chopita osatsanzika. Ndime zake zinali zabwino kuposa zanga, ndipo ndinamuuza. Ine ndinkapeka za mwana wamasiye, iye anali mwanayo. Pa mathero tinagwirizana msanga. Amayi sapezeka. Mtsikana amakula, n'kuphunzitsa ana ena kuvomera.

Nkhondo ina, ya pachiweniweni, itabwera tinathawira ku Malawi, tilibe kanthu m'manja, koma nkhaniyo inawoloka nafe chifukwa sinkafuna mtolo. Kumsasa kunali ana ambiri otaya makolo, ndipo mwana wanga, amene panthawiyo anali mphunzitsi, ankawakhazika pansi pa mtengo n'kumaitana. Ena ankatenga masabata asanavomere. Iye ankadziwa kudikira. Titabwerera kwathu tinapeza sukulu ya udzu ija kulibe, koma manda anga alipo.

Chaka chatha adzukulu anailemba nkhaniyo pa makina n'kupanga timabuku ta ana a pasukulu pano. Anafuna kuika dzina langa pachikuto. Ndinati akaika langa aikenso la msodzi wa ku Meluluka, la akatekisiti, la kalipentala, la alamu anga amene analera mwana wosalankhula osatopa, ndi la mlonda amene anati asafe. Pachikuto panachepa, ndiye anangolemba dzina la Nsangalabwi.

Anyamata amandifunsa ngati ndili ndi mkwiyo. Unalipo, ndipo nthawi yozizira zala zikamawawa umabwera kudzandizonda. Koma ndikawerenga amene anandipweteka ndi amene anandinyamula, achiwiriwa amachuluka kwambiri, ndipo ambiri a iwo sindinapeze mpata wowathokoza. Ndikuwathokoza pano. Amandifunsanso kuti ufulu ndinaumva liti, pa chipata cha ndende kapena tsiku limene mbendera inasintha. Masiku onsewo anali abwino. Koma kundende ndinkayankha m'mawa uliwonse kwa munthu amene ankangofuna kuti nambala ikwane. Ufulu ndinaumva pabwalo la alamu anga, phulusa lili m'maso, nditayankha munthu amene ankafuna ine.

Mwana wanga tsopano ali ndi imvi zake, anapuma ntchito, ndipo nyumba yake ili kutsidya kwa bwalo langa. Ndamuuza kuti tsiku langa likadzafika asadzavutitse anyamata kufuna malo ena. Adzakumbe pomwe pali nthochi paja, jekete langa lili kale momwemo, ndipo kumanda kumazizira. Iye amati ndisiye zolankhula zopanda pake.

M'mawa uliwonse, asanasese, amaima pakhomo pake n'kuitana: "Ababa, muli kuti?" Tonse awiri tikudziwa chimene akufunsa, ndipo tikudziwa kuti m'mawa wina adzaitana kawiri. Lero anaitana kamodzi, ndipo ndinayankha.